Tchuthi cha Sakhwi ndi Chala cha Nkhanu

Nthano iyi adandiuza ndi malemu a Dolika Nankhoma, telala amene ankasoka pakhonde la golosale ina pa Nathenje. Ambuye awapumitse mumtendere. Chaka chimenecho ndidapita kutchuthi kwathu, ndipo pobwera siketi yanga ya kutchalitchi idakana kutseka. Nditawapititsira, adandizunguliza tepi m'chiuno, nayang'ana nambala osaseka, nangofunsa kuti, "Amayi anu akadali moyo?" Nditavomera adandilozera benchi, nayamba kusimba uku akumasula msoko. Ine ndalemba monga ndidamvera, ndipo ndilekera pamene iwo adalekera.

"Kudangokhala kalelo, nyama zikadali ndi maudindo ngati ife," adatero, ine n'kuvomera kuti tili limodzi.

Kudali Sakhwi, kanyama ka mphuno yaitali kaja kothamanga m'tinjira. Iyeyu adali mesenjala wa Mfumukazi Nungu, ndipo adathamanga ndi mauthenga zaka zisanu ndi ziwiri osapumako. Tsiku lina Mfumukazi adamuitana.

"Sakhwi, miyendo yako yatopa. Pita kutchuthi ukaone kwanu. Koma mwezi watsopano ukadzaoneka ndidzakupeze pano, chifukwa bwalo silingakhale lopanda mesenjala. Ukachedwa chipewa cha umesenjala ndidzampatsa Msulu. Wakhala akuchiyang'ana kalekale."

"Ndidzafika, mayi," adatero Sakhwi.

Kwawo kudali kutsidya kwa mtsinje, ndipo mlatho wake udali bango limodzi lokha. Woyang'anira bangolo adali mayi Nkhanu. Aliyense wofuna kudutsa ankamupana m'chiuno ndi chala chawo chachikulu. Chala chikatseka, dutsa. Chikakana, dikira miyezi isanu mpaka madzi ataphwa.

"Kwezani manja, a mesenjala," adatero mayi Nkhanu. Chala chidatseka mosavuta. "Dutsani. Koma ambiri opita kukacheza kutsidyaku sindimawaonanso mpaka chilimwe. Chala chikadzakana musadzandichonderere. Bango silidziwa kuti uyu ndi mesenjala."

"Ine ndimadya pang'ono."

"Onse amatero."

Sakhwi adasenda luzi, naliyeza pa chala cha mayi Nkhanu, nalimanga mfundo, naliponya m'thumba la jekete lake. Kenaka adadutsa.

Tsono kutsidya kuja kudali mwambo wake. Mlendo sankakana chakudya, chifukwa kukana kudali kutukwana eni nyumba. Ndipo mlendo akabwerera kwawo wowonda monga adabwerera, eni nyumba ankasekedwa pachitsime chaka chonse, ati adamumana. Sakhwi adali ndi nyumba zitatu zoti achezeko masiku khumi khumi: kwa azakhali ake a Chitute, kwa amalume ake a Bwampini, ndipo potsiriza kwa amayi ake.

Atafika kwa a Chitute, asanakhale n'komwe, azakhaliwo adamutsina pamkono.

"Kodi kwa mfumuko mumadya mauthenga? Taona mafupa awa. Anthu adzati mlongo wanga adabereka udzu."

"Ndili bwino, azakhali. Kaya inu?"

"Ndikhala bwino ukakhuta."

Adamulowetsa m'nyumba, nabwera ndi maungu, mtedza wokazinga, chimanga chophika ndi nthochi zakupsa, uku akuimba nyimbo yodyetsera mlendo. Nyimbo imeneyi a Dolika ankaiimba motsitsa, phazi likuombera pa chopondera cha makina, ine n'kumavomera. Mawu ake adali oitana mlendo kuti adye ndi kuonjezera, kuti a kutsidya akamuone adziwe kuti kuno kulinso anthu.

Sakhwi adayang'ana mbale zinayi zija, nakhudza luzi m'thumba.

"Azakhali, m'nyumba muno mukutentha. Ine ndidazolowera kudyera panja. Mundiyalire mphasa pansi pa mtengo uwo."

"Wa panjira yakuchitsimewo?"

"Womwewo. Pali kamphepo kabwino."

Adamuyalira. Ndipo mukudziwa kuti munthu sudya wina akudutsa osamuitana. Oyamba kudutsa adali Kapuku ndi mkazi wake.

"Tiyeni tidye nawo," adatero Sakhwi.

"Zikomo, tangodya kumene."

"Mundichititsa manyazi pamaso pa azakhali anga. Lawaniko kokha."

Adakhala, nalawa, ndipo mbale ya maungu idatha. Kudadutsa Mende, kudadutsa Fuko, kudadutsa amayi atatu ochokera kotunga. Sakhwi ankangotola kanthu kamodzi m'mbale iliyonse n'kumatafuna pang'onopang'ono, akufunsa za maliro, za maukwati, za amene adasamuka. Mbale zinkabwerera m'nyumba zoyera. Mawa lake chimodzimodzi. Pofika tsiku lachisanu anthu adayamba kupita kuchitsime ngakhale mitsuko yawo ili yodzaza.

Tsiku lakhumi a Chitute adamutsinanso pamkono.

"Nkhokwe yanga yatsika, mudzi wonse ukunyezimira, koma iwe uli momwemuja."

"Komatu azakhali, akukutamandani paliponse. Ati palibe dzanja lopatsa ngati la a Chitute."

"Choka apa, wochenjera ngati bambo ako," adatero, theka akuseka. Koma adatumiza mawu kwa a Bwampini kuti mlendo akubwerayo asamuyalire panjira.

Sakhwi adadziyeza kuseri kwa chulu. Mfundo idakumana bwinobwino, ndipo adapitiriza ulendo akuimba mluzu.

A Bwampini ankakhala kuchikamwini, kumudzi kwa akazi awo, ndipo adali nduna kumeneko. Adamulandira atakhala pampando, mimba ili pamaondo.

"Mphwanga, zako za pansi pa mtengo ndazimva. Kuno udyera m'nyumba, chitseko chotseka, ine ndili pambali."

Akazi awo adalowa ndi mbale akuimba nyimbo yomwe ija, a Bwampini akuvomera ndi mawu aakulu ngati ng'oma. Tsiku limenelo Sakhwi adadya zonse, popeza padalibe pothawira. M'mawa mwake adadzuka ndi nzeru.

"Amalume, ndidaiwala kunena. Mfumukazi adandituma kuti ndipereke moni wawo nyumba ndi nyumba m'mudzi muno. Ndiziyamba m'mamawa, kubwera dzuwa litapendeka. Chakudya cha masana musamandivutikire."

Lidali bodza. Iye ankaganiza kuti akamayenda tsiku lonse athawa mbale za masana, ndipo za madzulo zizituluka ndi thukuta.

A Bwampini adakanda mimba namwetulira. "Nyumba iliyonse?"

"Iliyonse."

"Pita, mphwanga. Usadumphe ndi imodzi yomwe. Anthu a kuno amasunga chakukhosi."

Apa ndi pamene Sakhwi adalakwitsa. Zaka zisanu ndi ziwiri za kubwalo zidamuiwalitsa kwawo. Kubwalo mesenjala amanena uthenga chiimirire n'kuthamanga. Kumudzi wobweretsa moni amamukhazika pansi.

Nyumba yoyamba adagogoda. "Mfumukazi akupereka moni."

"Moni wa mfumu sitilandirira pakhomo. Lowani." Adamupatsa chikho cha thobwa.

Nyumba yachiwiri idali mapazi asanu kuchokera pa yoyamba. Kumeneko kudali chigumu. Yachitatu, zitumbuwa. Yachinayi adamva kuti anzawo apereka zitumbuwa, iwo n'kutulutsa chiponde ndi chinangwa. Nyumba zidalipo makumi anayi, zothithikana, ndipo thukuta silidatuluke ndi dontho lomwe. Pobwerera adapeza a Bwampini akumudikira, mbale za masana atazivindikira pambali pa za madzulo.

"Tidakusungira. Sitingadye gawo la mlendo."

Tsiku lachitatu adayesa kudwala mutu. Amayi a nyumba zotsala adamva, nabwera okha kudzazonda wodwala, aliyense ndi phala la mtedza.

"Amalume, moni uja ndikuona ngati wakwanira," adatero Sakhwi tsiku lachisanu.

"Zatsala nyumba khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ukufuna azinena kuti mfumu imasankha anthu?"

Masiku khumi atatha, Sakhwi adapita kuseri nakadzizunguliza luzi. Adakoka mpweya, adafinya mimba, koma mfundo idatsala zala zitatu kuti ikumane. Jekete silinkatsekanso mabatani. A Bwampini adamusisita pamsana potsazikana.

"Tsopano ukuoneka ngati mwana wa mlongo wanga. Ukawauze a Chitute kuti ntchito imagwiridwa chonchi."

Adafika kwa amayi ake akupuma wefuwefu, iye amene ankathamanga tsiku lonse osatopa. Adawapeza atakhala pakhonde akusola mtedza. Adali atachepa thupi, manja ngati timitengo. Sadamutsine. Adangomugwira kumaso ndi manja onse awiri, namuyang'ana nthawi yaitali.

"Wabwera."

"Ndabwera, amayi."

Adamuphikira futali, mbatata yosakaniza ndi nsinjiro, monga ankamuphikira ali mwana akabwera kosewera. Nyimbo ija adaiimba ndi mawu ong'ambika, popanda wovomera. Sakhwi sadaganize za luzi, kapena za bango, kapena za Msulu. Adadya mbale yonse, napempha ina, misozi ikugwera momwemo.

Atakhuta adazindikira kuti amayi ake sadadyeko. Adasuzumira m'nkhokwe napeza mtedza wodzaza mpaka pakamwa, wosakhudzidwa.

"Amayi, mtedza wonsewu mumausungira ndani?"

"Ndidamva kuti ukubwera."

"Nanga inu mumadya chiyani?"

"Nkhalamba sifuna zambiri. Idya iwe."

Pamenepo adawauza za chala cha mayi Nkhanu, ndi kuti kwatsala masiku asanu ndi anayi. Amayi ake adapitiriza kusola mtedza.

"Chala chikakana, pogona pako palipo. Madzi akaphwa udzapita."

"Ntchito idzakhala itatha, amayi."

"Kodi idakubereka ndi ntchito?"

Sakhwi adaona kuti apa n'povuta kuposa kwa azakhali ndi kwa amalume. Enawo ankafuna kutamandidwa, koma awa ankafuna mwana wawo. Kukana futali wawo sakadatha, ndipo kutsala kukadamulanda chipewa chimene adachithamangira zaka zonsezo.

M'mawa mwake adawatsekereza amayi ake akutenga khasu.

"Amayi, kutsidya kuja palibe wodziwa kuphika futali. Zaka zonsezi ndimangomulota. Mundiphunzitse, kuti ndikapita ndizikadya za kwathu. Koma mundiphunzitse kuyambira kumunda. Inu muzingolankhula, manja akhale anga."

"Mwamuna wamkulu, wa chipewa, kugwira musi?"

"Chipewa ndachisiya kutsidya."

Munda udali kutali. Sakhwi adakumba mbatata, nasenza dengu, nabwerera kukatola nkhuni, napitanso kuchitsime kawiri. Adakazinga mtedza, naupeta, nausinja mumtondo mpaka mapewa kuwawa, amayi ake ali pamphasa akumudzudzula.

"Musi sagwira ngati ndodo ya mfumu. Tsitsa manja. Sefa kaye. Ndati sefa, sindinati taya."

Futali atapsa, Sakhwi adatapa chipande chodzaza.

"Lawani, amayi. Mchere wakwana?"

Adalawa. "Wachepa."

Adathira kamchere kochepa ngati fumbi. "Nanga tsopano?"

"Wachepabe."

"Nanga nsinjiro? Lawani cha pansi pa mphika, mwina zakhala pansi. Lawaninso cha m'mbali."

Pofika pamene amayi adavomera kuti zakoma, adali atadya zipande zisanu ndi ziwiri. Otsalawo adagawana mbale imodzi, Sakhwi akudya pang'onopang'ono uku akufunsa za anzake a ubwana, za atate ake, za chaka chija madzi adakokolola nkhokwe. Amayi ankati akayamba kusimba, dzanja lawo linkangopita lokha m'mbale.

Tsiku lotsatira mbatata idalimba. Linalo nsinjiro zidachuluka. Linalo futali adachita madzi. Tsiku lililonse panali cholakwika chofuna kulawa kambirimbiri, ndipo tsiku lililonse Sakhwi ankapeza chifukwa chopitira kumunda kawiri. Masaya a amayi adayamba kudzaza. Tsiku lachisanu ndi chimodzi adaseka mpaka kutsokomola. Mabatani a jekete adayamba kutseka, limodzi limodzi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi Sakhwi adazembera kuseri kwa nkhokwe, nadzizunguliza luzi. Mfundo idakumana.

"Kachingwe kako kakumana?"

Adatembenuka. Amayi ake adaima potero ndi lichero m'manja.

"Amayi, ine ndimangoti…"

"Futali udamudziwa tsiku lachiwiri. Masiku enawa umalakwitsa dala. Ndidakubereka ndine."

"Nanga bwanji mumalawabe?"

"Ndidali nditaiwala kukoma kwa chakudya chophika munthu wina." Adakhala pansi, natula lichero. "Pita, mwana wanga. Ndidafuna kukutsekereza ndi mphika, koma ndaona mmene umathamangira popita kumunda. Miyendo imeneyo si yokhala pakhonde. Chondiwawa n'chimodzi. Mawa mudzi wonse udzakuperekeza kumtsinje, azakhali ako ndi amalume ako adzakhalapo. Udalowa m'nyumba muno wonenepa, ukutuluka wowonda, ine ndanenepa. Adzati nkhalamba idadya chakudya cha mwana wake."

Sakhwi adagwedeza mphuno yake yaitali ija, uku ndi uku.

"Amayi, thonje lija munkalima kuseri kwa nyumba, mukadali nalo?"

"Lilipo dengu limodzi."

"Nanga singano?"

Amayi adamuyang'ana, kenaka adaseka. Masana onse adakhala pakhonde, mwana akung'amba thonje, mayi akulisokerera mkati mwa jekete, pamimba, m'nthiti ndi kumsana. Apa a Dolika adaima pang'ono kundifotokozera kuti ntchito yotere imafuna msoko waung'ono wobwerera, apo ayi thonje limatsikira pansi munthu n'kuoneka ngati mphonda.

M'mawa mwake mudzi wonse udamuperekeza. Sakhwi ankayenda chotangadza ngati tsekwe, akupuma mokweza. A Chitute adafuna kumutsina, iye n'kuwagwira dzanja mwaulemu ndi manja awiri, osalisiya mpaka kumtsinje.

Mayi Nkhanu atamuona adapukusa mutu.

"A mesenjala, ndidakuuzani."

"Yesani kokha, mayi."

"Kwezani manja."

Chala chidazungulira jekete, ndipo chidamira mofewa. Maso a mayi Nkhanu adatalika. Sakhwi adawerama ngati akumva kuwawa, nanong'ona.

"Finyani pang'onopang'ono, mayi, ndipo mubuuleko. Amayi anga ndi awo aima kutsogolowo."

Mayi Nkhanu adatembenuza diso limodzi, naona nkhalamba itagwira nsalu yake pachifuwa. Adakanikiza miyendo pansi, nabuula, nasiya, napukuta kumaso, nayambiranso. Kachitatu chala chidatseka kuti khwa.

"Zaka zonse ndakhala pano," adatero mayi Nkhanu mokweza, "sindinavutikepo chonchi ndi chiuno cha munthu. Akadagona tsiku limodzi lokha, akadatsala. Wamudyetsa ameneyu ndani?"

"Ndidayamba ndine," adatero a Chitute.

"Mudayamba kudyetsa mudzi," adatero a Bwampini. "Maziko ndidaika ndine."

Koma amayi a pachitsime adaloza mayi wa Sakhwi. "Womaliza ndi awa. Taonani, mpaka iwo omwe anenepa ndi fungo lokha."

Sakhwi adagwada, natsazika amayi ake, nakwera pabango. Pabango munthu satembenuka. Ali pakati adamva nyimbo ija kumbuyo kwake, mawu ong'ambika aja akutsogolera, mudzi wonse ukuvomera. Koma amayi ake adali atasintha mawu. Sadaimbe zoti adye ndi kuonjezera. Adaimba zoti a kutsidya akamuone adziwe kuti ali ndi kwawo. Iye adayenda maso ali kutsogolo, ndipo bango silidapindike.

Adafika kubwalo tsiku lomwe mwezi udaoneka. Adapeza Msulu akupukuta chipewa.

"Ndimangochotsa fumbi," adatero Msulu, nachipereka.

Mfumukazi Nungu adayang'ana jekete lotupa lija, nayang'ana timiyendo towonda tija, nati, "Kwanu adakusunga bwino, Sakhwi." Ndipo sadafunsenso china.

Apa a Dolika adaimitsa makina, nadula ulusi ndi mano, nakhala kanthawi akuyang'ana kumsewu. Mawu awo otsiriza adali awa:

"Tchuthi china Sakhwi adachipeza patapita zaka zisanu ndi ziwiri, koma adakapeza pakhonde palibe munthu. Futali ankamuphika bwino kuposa aliyense kutsidya kuja. Koma amene adamuonapo akuphika amati nthawi zonse ankachepetsa mchere, n'kutapa chipande chodzaza, n'kutembenuka."